Kalongonda Amene Ndinakana

Ntchito yanga pa esiteti ya tiyi inali yoyeza. Otchola tiyi akatsika m'minda ndi madengu kumsana ankabwera ku shedi, ine n'kukoloweka katundu wawo pa ngowe ya sikelo, n'kutchula kulemera kwake mokweza kuti mwini wake amve. Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri nditakhala pampando. Ndinafika pomadziwa kulemera kwa dengu munthu asanalitule, pongoona mmene khosi lake lapindikira. Kulemera kumene sindinkakudziwa ndi kwanga, ndipo kunena zoona sindinkafuna kukudziwa.

Thupi linabwera pang'onopang'ono, ndipo linabwera ndi ulemu. Kwathu kuno munthu ukanenepa amakuyamikira. "Eee, akalaliki, koma mukusangalala!" "Ntchitoyi yakuyanjani, onani khosi!" Pamaukwati ankandipatsa mpando wa kutsogolo, ogulitsa pamsika wa pa Boma ankandiitana kuti abwana. Ine ndinkangoseka, ndikuwonjezera ndiwo. Koma amene ankanyada kuposa onse ndi amayi anga ondibereka. Iwo anatchola tiyi moyo wawo wonse, ndi munthu wamng'ono, wouma ngati chikuni cha bulugamu, zala zawo zinapindika ndi kuzizira kwa m'mamawa. Tikamapita ku tchalitchi ankanditsogoza dala, iwo pambuyo, kuti anthu aone chimene anabereka.

Panali chifukwa china chimene amayi ankakondera thupi langa. Tinabadwa awiri, ine ndi achemwali anga. Achemwali anadwala matenda aja owondetsa, nthawi imene mankhwala ake anali asanafike kumidzi kuno. Amayi anawaphikira chilichonse chimene manja awo ankadziwa, koma mbale zinkabwerera zili chomwecho. Tsiku limene achemwaliwo anamwalira ndinawanyamula ndekha kuwachotsa pamphasa, ndipo ndikukuuzani, dengu la tiyi limalemera kuposa mmene analili. Kuyambira pamenepo, kwa amayi anga, munthu wokana mbale ndi munthu amene akutsazika.

Ndiye thupi lija, limene anthu ankaliombera m'manja, linanditembenukira. Anayamba ndi maondo. Kenako shuga, kenako kuthamanga kwa magazi. Pamwendo panatuluka kabala kakang'ono, kanakana kupola, kanakula. Kuchoka kunyumba kupita ku shedi ndi pafupi, mwana akhoza kuthamanga osapuma, koma ine ndinkaima katatu kapena kanayi nditagwira mtengo wa m'mbali mwa msewu, mpaka oyendetsa thirakitala anazolowera kumandiimira. Kukwera pa thirakitalapo inali ntchito ya amuna awiri, wina kukoka, wina kukankha, onse akuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi. Kugona chagada ndinasiya, chifukwa ndikatero mpweya unkatsekeka ngati wina wandikhalira pachifuwa. Ndinkagona nditakhala pampando.

Amayi anasiya munda wawo kwa Mphuka n'kubwera kudzakhala nane m'nyumba ya kampani. Taganizani, nkhalamba yoyenera kusambitsidwa ndiyo inkanditsuka kumsana, kundipukuta m'mapindi a thupi, kugwada pansi kundiveka nsapato. Ndinkayang'ana imvi zawo pamwamba, misozi n'kulengeza, koma ndikanatani? Manja anga sankafika kumapazi anga omwe.

Tsiku lina anesi a pa kiliniki ya esiteti anati andiyeze. Nditakwera, muvi wa sikelo unazungulira mpaka kumapeto n'kukakamira komweko. Anesiwo, mayi wodekha, anatsokomola pang'ono, nati tidikire nthawi ya nkhomaliro. Anthu atatuluka kukadya ananditengera ku fakitale, pa sikelo yaikulu yoyezera matumba a tiyi wouma. Ndinakwerapo nditagwira chitenje changa, fungo la tiyi lili thoo m'mphuno. Ine amene ndinkatchula kulemera kwa anzanga mokweza, kwanga ndinapempha kuti asatchule. Iwo sanatchuledi, anangoti, "Mayi, zimenezi zatipitirira ife. Mukaonane ndi adotolo m'tauni."

Adotolo a m'tauniwo anali mayi wachikulire wosazungulira polankhula. Anamva zonse zimene ndinayesapo: kusiya shuga mu tiyi, kudya masamba okhaokha mpaka kuona chizungulire, timankhwala ta m'mabotolo timene anthu amagulitsa m'minibasi za ku Limbe. Anapukusa mutu. Anati pali madotolo ena amene amabwera kamodzi pachaka kudzachita opaleshoni yochepetsa chifu, kuti munthu azikhuta ndi chakudya chochepa. Kampani inavomera kundithandiza, dzina langa linalowa. "Koma mukaphonya ulendo uno mudikira chaka chamawa," iwo anatero, "ndipo mtima wanuwu, ine sindingakulonjezeni kuti ufika chaka chamawa."

Kenako anandipatsa lamulo. Masabata otsala tsiku lisanafike ndisadye chotafuna chilichonse: mkaka wosungunula umene anandipatsa, msuzi wosefa, madzi, basi. Anafotokoza kuti chiwindi changa chinafufuma ndi mafuta n'kuphimba chifu ngati bulangeti, ndipo chikapanda kuphwa, mpeni sungafike pamene ukufunika. "Makamaka tsiku lomaliza. Mukadya, musabwere n'komwe. Tidzadziwa, tidzakubwezani, malo anu atenga wina."

Mawu amenewa adotolo ankandiopseza nawo. Ine m'makutu mwanga anamveka ngati andionetsa khomo lothawira.

Chifukwa ndinkaopa, abale. Bambo anga analowa ku fiyeta, kochitira opaleshoni, akuyankhula, akutiuza kuti tisaiwale kutsekera mbuzi, ndipo anatuluka atawafunditsa nsalu mpaka kumutu. Palibe amene analakwa, matumbo anali atapotana kale, koma mtima wa mwana sumva zimenezo. Kwa ine fiyeta chinali chipinda chimene anthu amalowa ndi miyendo n'kutuluka ndi machira. Kuwonjezera apo, ndinkadziwa kuti kumeneko amagoneka munthu chagada. Ine, amene sindingathe kugona chagada ndili maso, andigoneke chagada n'kundikomola! Kukana opaleshoni sindikanatha, kampani ndi adotolo anali atandivutikira. Kuivomera ndi mtima wonse sindikanathanso. Ndinangokhala pakati, ndikudikira kuti china chake chindisankhire.

Pa komboni nkhani sichedwa. Zitangomveka kuti akalaliki akupita ku mpeni, anthu anayamba kubwera kudzandizonda. Ndipo kwathu kuno ndani amapita kwa wodwala chimanjamanja? Anabwera ndi mbale zovundikira, zomanga m'tinsalu. Wina nkhuku yachikuda, wina makaka ophika ndi nandolo, wina futali wa mbatata, wina zitumbuwa zotentha zonyowetsa pepala ndi mafuta. Amayi a kumpingo anabwera gulu, aliyense ndi kake. Patebulo panadzaza, zina zinakhala pansi. Moyo wanga wonse sindinaonepo chakudya chochuluka chotero m'nyumba mwanga ngati masiku amene anandiletsa kudya.

Tsono mukudziwa mwambo wake. Munthu akakubweretsera chakudya uli wodwala, umayenera kuvundukula iye ali pomwepo n'kulawa, ngakhale kambamu kamodzi. Ukakana, ndiye kuti wamuuza kuti ukumukayikira, kuti mwina wathiramo kanthu. Ndinayesa kufotokoza za chiwindi ndi bulangeti. Ankamvetsera, n'kugwedeza mutu, kenako n'kuti, "Inde, tamva, koma kantchafu kokhaka." Mayi wina woyandikana nane, amene takhala tikubwerekana mchere zaka zonsezi, anavundikira mbale yake mwaphokoso n'kunyamuka. "Ngati pali zimene mwamva za ine, nenani," anatero ali pakhomo. Sanandipatsenso moni mpaka ndinapita.

Ndipo aliyense ankabwera ndi nkhani yake ya ku fiyeta. Wina mlamu wake sanadzuke. Wina anamva za munthu amene anadzuka pakati pa ntchito n'kuona matumbo ake. Akatha kunditonthoza choncho ankayamba nyimbo, ndipo sindikudziwa ngati ankachitira dala, koma nyimbo zake zinali zomwe timaimba posiya maliro. Akazi a kapitawo anakhala akuyang'ana madiresi anga pa chingwe, nati, "Nanga zovala zonsezi muzitani?" Ndinawayang'ana. Asa! Iwo anali atawerengera kale kuti kaya ndifa kaya ndiwonda, madiresiwo apeza mwini wina. Ndinafuna kuwatukwana, koma mphamvu zake ndinalibe, m'mimba munali madzi okhaokha.

Alendo akachoka, amayi ankatenga mbale zija imodziimodzi n'kumazidutsitsa pafupi ndi mphuno yanga popita nazo kukhitchini. Ine ndinkagwira kapu yanga ya mkaka wosakoma uja ndi manja awiri, malovu ali chuchuchu, mutu ukuwawa. Zakudyazo ankazigawira mabanja a kuseri, ndipo posachedwa komboni yonse inadziwa kuti akalaliki sakudya. Ena anati ndayamba matama a m'tauni. Ena anatsitsa mawu, nati m'bale wake uja anayambanso chonchi.

Mawu achiwiriwo amayi anawamva kumjigo. Anabwera n'kutula ndowa, osandiyang'ana. Madzulo ake akundisambitsa ndinamva zala zawo zikutsina pang'ono mnofu wa pamkono wanga, ngati mmene timayesera papaya. Thupi linali litayambadi kutsika, chitenje chinkamangika mosavuta. Adotolo akanasangalala. Amayi anangopuma mozama n'kupitiriza kutsuka.

Kutatsala masiku ochepa, anati akupita kwa Mphuka kukaona munda. Anabwerako ndi kathumba pamutu, ndipo nditamva mmene kankalirira potula, ndinadziwa. Anali kalongonda.

Amene simuli a kuno, kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zimene makolo athu Achilomwe anabwera nazo, zimayanga m'mitengo m'mphepete mwa munda. Si chakudya cha munthu waulesi kapena wopupuluma. Ali ndi ululu. Ukamuphika mothamanga, banja lonse lidzazandima ngati laledzera, ena sadzukanso. Umayenera kumuwiritsa, kutaya madzi, kumusenda makoko mmodzimmodzi, kumuwiritsanso, kutayanso madzi akuda aja, choncho mpaka madzi atayera, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Amadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa. N'chifukwa chake samuphikira munthu wamba. Amayi ankandiphikira ndikamapita kukalemba mayeso, pamene ndinkakayamba ntchito, ndiponso pamene ukwati wanga unatha. Ndi chakudya chimene ndimachikonda kuposa nyama, ndipo iwo amadziwa.

Anasankha tsiku lenileni lomaliza, loti mawa lake galimoto ya kampani idzanditenge. Kunja kunali chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi mpaka mitengo ya mthunzi osaoneka, kamvula kosalekeza kaja kakuwaza. Amayi anakoleza moto pansi pa kakhumbi ka kuseri kusanache bwino. Ine ndinakhala pampando wanga pafupi ndi zenera, ndikuwaona. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkawalowa m'maso. Ankanyamula mphika ndi tinsanza, n'kupita nawo kudzala atawerama, n'kukhuthula madzi akuda, n'kubwerera. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda ndi zala zawo zopindika zija, nyemba zikuwapulumuka, iwo n'kumazitola m'matope n'kutsuka.

Ndikanatha kugogoda pazenera m'mawa momwemo n'kunena kuti amayi, musavutike. Sindinagogode. Tsiku lonse ndinakhala ndikuuza dzanja langa kuti ligogode, koma silinanyamuke. Mbali ina ndinkawamvera chisoni. Koma mbali yaikulu, ndinene mosabisa, ndinkadikira mbaleyo ngati munthu womira akudikira chingwe. Ndikadya, mawa kulibe fiyeta. Ndipo palibe amene akanandinena kuti ndathawa, chifukwa ndani pa Thyolo pano angadzudzule mwana chifukwa chodya kalongonda wa mayi ake? Ndikanangoti nkhalamba inandikakamiza. Aliyense akanamvetsa, ngakhale anesi.

Dzuwa, ngati linalipo kuseri kwa nkhungu, linali litapendeka pamene amayi analowa. Zovala zawo zinali zonyowa, maso ofiira. Anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada, ngati kuti ine ndine mlendo. Kenako anaika mbale pamiyendo yanga n'kuvundukula. Mayo ine, fungo lake! Anali atamupota bwino, atathira timafuta ndi mchere, ndi katsabola pambali monga ndimakondera. M'mimba mwanga munalira mokweza mpaka iwo anamva, ndipo nkhope yawo inawala.

"Idya, mwanaka," anatero. Akafuna kundifika pamtima amandiitana choncho, m'Chilomwe, mwana wanga. "Munthu sayenda ulendo ndi njala. Bambo ako anapita kumeneko osadya kanthu, m'mimba muli pululu. Mpaka lero zimandiwawa. Iwe sindikulola."

Ndinasamba m'manja. Inde, ndinasamba. Ndinatenga supuni, ndinatapa, ndinaikweza. Kalongonda wina anagwera pachitenje. Amayi anali akadali chogwada patsogolo panga, ndipo poti ndinaweramitsa mutu, maso anga anagwera pa manja awo. Anali atatupa, khungu litayera ndi madzi otentha, chala chimodzi chitapsa n'kutuluka thuza. Manja omwewo mawa lake akanagwadanso kundiveka nsapato. Ndi mkuja. Ndi chaka chamawa, ngati ndikanafika. Ndipo ndikanapanda kufika, manja omwewo ndiwo akanasambitsa mtembo wa mwana wawo wachiwiri, mtembo woti sangathe n'kuutembenuza komwe. Woyamba unali wopepuka moti ndinaunyamula ndekha. Wanga ukanafuna amuna a thirakitala aja.

Ndinabweza supuni m'mbale.

"Amayi, sindidya."

Chibadwire ndinali ndisanawauzepo mawu amenewo. Anatuluka ang'onoang'ono, ngati a mwana.

"Wati chiyani?"

"Sindidya, amayi. Ndikadya andibweza."

"Akubweze! Ubwere kuno, ukhale pampando pakopo, ine ndilipo. Ndadandaula kwa ndani kuti ndatopa nawe?" Mawu awo anakwera. "Anthu amenewo akufuna akudule chifu, chimene Mulungu anakupatsa, kuti uziwonda uku ukuyenda. Ine ndinamuona kale mwana akuwonda. Ndinamuphikira kalongonda yemweyu, anatembenukira kukhoma. Lero iwenso?"

Apa ndiye ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, thupi lonse likugwedezeka ndi mpando womwe. Ndinawauza kuti ndikuopa. Ndinawauza kuti ndikuopa kuposa iwo, kuti tsiku lonse ndakhala ndikuifuna mbaleyi kuti indipulumutse, kuti akapitiriza kundiuza kuti ndidye ndidyadi, chifukwa mphamvu zokana kawiri ndilibe. "Chonde amayi, ichotseni. Ine sindingathe kuichotsa. Achemwali analephera kudya. Ine ndikhoza kumaliza mphika wonsewo, ndipo ndi zimene zikundipha. Ndithandizeni."

Kamvula kankalira padenga la malata. Sindinkadziwa chimene achite, ndipo sindikanawaletsa chilichonse. Akanati atape ndi dzanja lawo n'kundiika pakamwa, ndikanayasamula.

Anadzuka movutikira, atagwira bondo langa. Anatenga mbale ija pamiyendo yanga, anaivundikira, n'kutuluka nayo. Sananene kuti wachita bwino, sananenenso kuti walakwa. Ndinamva chitseko cha kukhitchini chikutsekeka. Madzulo amenewo anandisambitsa, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa kumene kalongonda wapita.

M'mawa galimoto inafika nkhungu isanachoke. Anthu a pa komboni anatuluka atafunda zitenje, ena akugwira pakamwa, kundiperekeza ndi maso ngati bokosi. Amayi sankapita nawo, anesi ndi amene ankandiperekeza, chifukwa nkhalamba ikanakagona pati m'tauni? Anandiveka nsapato monga mwa masiku onse. Amuna atandikweza, iwo anabwera pazenera la galimoto. Mutu wawo unkangofika m'munsi mwa galasi.

"Uja ndagawira anthu," anatero. "Koma sindinaphike yense. Wouma watsala m'kathumba, ndapachika kudenga." Anayang'ana kumbali, kuminda. "Sawonongeka ameneyo. Adikira."

Galimoto inanyamuka. Ndikanakonda kunena kuti mantha anathera pamenepo, koma lingakhale bodza. Ndinapita nawo njira yonse, kudutsa pa Boma, kudutsa Limbe, atandikhala pachifuwa. Kuchipatala anandiveka chinsalu chotseguka kumbuyo. Akundikankha pa kabedi ka matayala ndinagwira chitsulo cha chitseko cha fiyeta, anachita kundimasula zala. Ndinakuwa kuti musandigoneke chagada, ndifa! Bambo wina wovala chophimba pakamwa, amene ntchito yake ndi yogonetsa anthu, anati, "Mayi, sitikugonekani, tikukwezani kumutu ngati pampando wanu." Anakwezadi. Anandiika chinthu pamphuno nati ndipume. Panalibenso chimene ndikanachita. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine changa ndinali nditatsekula dzulo lake, mbale ili pamiyendo. Apa ndinangoganiza za kathumba kali lendelende kudenga kwathu, n'kupuma.

Ndinadzuka. Pakhosi pankawawa, pamimba ngati yandiponda ng'ombe, koma ndinadzuka. Anesi athu anali pambali akuseka ndi misozi. Ndinawafunsa ngati ayamba kale, iwo anati zatha kalekale.

Zotsatira zake sizinali zophweka, walira mvula walira matope. Ndinabwerera kunyumba ndikumwa madzi ndi kasupuni ka tiyi. Kenako phala lamadzimadzi, timasupuni tingapo, n'kukhuta ngati ndadya paukwati. Thupi linayamba kuchoka mofulumira moti linkandiopsa ine ndemwe. Khungu linalendewera, tsitsi linathothoka, mafupa a m'khosi amene ndinali nditawaiwala anatulukira. Bala la pamwendo linauma. Tsiku lina ndinawerama n'kumanga ndekha nsapato, ndipo nditadzuka ndinapeza amayi ataima ndi manja ali lende, osadziwa chochita nawo.

Pa komboni manong'onong'o anakula. Amene sanamve za opaleshoni ankandiona pamsewu n'kundipatsa moni wachisoni. "Pepani akalaliki, mwayamba kulandira mankhwala?" Pamsika anasiya kundiitana kuti abwana. Akazi a kapitawo analandira madiresi awo, ndinawapatsa ndekha, asavutike. Popita ku tchalitchi amayi anasiya kunditsogoza, ankayenda pambali panga, pafupi kwambiri, ngati akunditchinga. Ndinkawauza kuti amayi, ndili bwino, onani ndikukwera chitunda osapuma. Ankavomera ndi pakamwa. Koma ndikakhala pansi, ndinkamva zala zija zikufufuza pamkono wanga, zikusowa chotsina. Kathumba kaja sankakatchula, ndipo ine sindinkakayang'ana iwo akuona.

Patapita miyezi, adotolo anandilola kudya zakudya zofewa za masiku onse, bola pang'ono. Nditafika kunyumba ndinawauza amayi. M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi utsi, ndipo nditasuzumira kudenga kathumba panalibe.

Ulendo uno sindinakhale pazenera. Ndinatuluka, ndinawaza nkhuni, ndinanyamula mphika kupita nawo kudzala. Tinakhala pansi tonse awiri, pansi penipeni pamphasa, tikusenda. Anaphika mphika womwe uja, waukulu, wodzaza, chifukwa manja awo sadziwa muyeso wina. Dzuwa litapendeka anandipakulira mbale yodzaza mpaka m'milomo, n'kukhala moyang'anana nane, maso ali pakamwa panga.

Ndinatapa supuni yoyamba. Abale inu, kukoma kwake ndinatseka maso. Ndinatafuna pang'onopang'ono monga adotolo anandiphunzitsira. Ndinatapa yachiwiri. Yachitatu ndinaiyang'ana, ndinaifuna ndi mtima wanga wonse, koma malo munalibe. Ndikanaikakamiza ikanabwerera pomwepo. Ndinaika supuni pansi.

"Basi?" anafunsa amayi.

"Basi, amayi. Ndakhuta."

Anayang'ana mbale, imene inkaoneka ngati sinakhudzidwe. Anayang'ana mafupa a m'khosi mwanga. Ndinadziwa mbale zimene akuzikumbuka. Tsiku lathunthu la utsi ndi nkhuni, ine n'kudya masupuni awiri, ndipo zidzakhala choncho mpaka imfa yanga.

"Wakhutadi? Sukunama?"

"Ndakhutadi. Anakoma kwambiri."

Anatambasula dzanja, n'kugwira mkono wanga. Sanatsine. Anangougwira, nthawi yaitali, ngati akumvetsera kutentha kwake. Kenako anakoka mbale ija n'kuiika pamiyendo pawo, anatenga supuni yanga yomweyo, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Chaka chamawa," anatero akutapa, "ndidzaphika m'kampoto kakang'ono kaja."